Mchere wa Bambo Ake a Mwana

"Amake mwana, mchere mukugulitsawu mukuthiranso m'phala la mwanayu?"

Anandifunsa choncho aneba anga a khomo lapakati, m'mawa wina wa mwezi wa Juni, ine nditagwada pakhonde ndikumanga mchere m'timapepala tapulasitiki. Anali mayi wachikulire, Msilamu, ndipo amuna awo anayendetsa malole zaka zambiri mpaka maso atayamba kuwavuta. Sankakonda kufunsa za m'nyumba za eni ake. N'chifukwa chake ndinasiya kumanga n'kuwayang'ana.

"Nanga ndithire uti, mayi? Ndikagule wina kugolosale, mchere uli mbwee m'nyumbamu?"

Sanaseke. Anayang'ana mwana wanga amene anali atakhala pamphasa, anakonza mpango wawo kumutu, n'kunena kuti, "Ayi, ndimangofunsa." Anatenga ndowa yawo n'kumapita kumpopi.

Ndifotokoze kaye mmene mcherewo unabwerera. Tinkakhala ku Chigumula, m'nyumba ya lendi ya makomo atatu, ife khomo lakumapeto, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Bambo ake a mwana ankapakira ndi kutsitsa katundu kunyumba ina yosungiramo katundu ku Makata. Ankayenda wapansi mpaka ku Limbe kuti akwere minibasi imodzi yokha m'malo mwa ziwiri. Tsiku lina anabwera masana dzuwa lili pamutu, ovololo yawo ili m'jumbo. Abwana anati katundu sakubweranso, anthu achuluka, ntchito yawo yatha.

Chaka chimenecho zinthu zinkakwera ngati zikuthawa munthu. Ukagula sopo Lolemba, pofika Lachisanu wagolosale wafufuta mtengo pakatoni n'kulembapo wina. Mafuta ophikira tinasiya kugula a m'botolo, tinayamba a m'kachubu, kenako nawonso tinawasiya. Makala amene kale tinkaphikira sabata ankangotha masiku awiri, osati chifukwa tikuphika kwambiri, koma kamulu kake kanali kataonda. Shuga ndiye tinangomuiwala.

Ndiye dalaivala wina, mnzawo wa ku Makata komweko, anawauza za katauni kena ku Mozambiki, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kumene amakatenga mchere pa lole. Anati kumeneko moyo ndi wotchipa. Nsomba amangokupatsa, makokonati amagwa okha, nyumba sizivuta, ndipo kuminda ya mchere akufuna anthu amphamvu. Bambo ake a mwana ndi Mlomwe, ndipo dalaivalayo anati chilankhulo chakumeneko chimapita kufupi ndi Chilomwe, sakasochera. Ananyamuka mu Febuluwale, mwana ali ndi chaka ndi mwezi umodzi. Anandisiyira ndalama ya lendi ya miyezi iwiri ndi wailesi.

Ankaimba foni Lamlungu lililonse masana, ine nditabwera kutchalitchi. Masabata oyamba ankangonena za nyanja. Anati madzi ake amachoka n'kupita kutali, mabwato n'kutsala atagona pamatope, kenako madzi aja amabwerera okha, kawiri pa tsiku, popanda mvula kapena mphepo. Ine ndinati, "Bambo, mwayamba kumwa?" Anaseka. Anati madziwo amawalowetsa m'minda yafulati ngati ya mpunga, dzuwa n'kuwamwa, mchere n'kutsala pansi, iwo n'kumaukokolola.

Pambuyo pake nkhani zinasintha. Nsomba n'zoona zinali zotchipa. Koma madzi akumwa ankagula pa chigubu, chifukwa a m'zitsime ndi amchere. Ufa wa chimanga unkachokera kutali, wodula kuposa kuno. Chipinda ankagona anthu anayi, koma mwini wake ankalipiritsa pamutu pamutu. Mchere unkang'amba mapazi, ndiye ankagula jombo, ndipo jombozo sizinkatha mwezi zisanaboole. Chilichonse chachitsulo chinkachita dzimbiri, ngakhale zipi ya thalauza.

"Zimene ndapeza masana, tauni ino imalanda madzulo," anatero tsiku lina. "Ndipo kandalama kotsalako ndikakasintha kuti ndikutumizireni, kamafika kumeneko kataonda."

Abwana awo kumeneko nawonso ndalama inkawavuta, ndiye theka la malipiro ankapereka mchere. Basi mu Epulo dalaivala uja anandiimbira kuti ndikamupeze ku Limbe, kuseri kwa mashopu aakulu, ali ndi katundu wanga. Anali matumba asanu ndi atatu, aakulu, a mchere wamiyala uja wofunika kusinja. Pakamwa pa thumba lililonse panali posokedwa ndi chingwe cha buluu, mfundo ziwiri kumapeto. Kusoka kumeneko ndinakudziwa. Ndi mmene amasokera nsapato zawo. Ndinaima pamenepo ndikusisita mfundozo mpaka dalaivala anati, "Alamu, lole ikutsekereza njira."

Ndinayesa kugulitsa konko ku Limbe. Amashopu ankafunsa chinthu chimodzi: kodi muli mankhwala aja oteteza chithokomiro? Nanga pepala lake lili kuti? Ndinalibe yankho. Wina anati agule onse, koma mtengo umene anatchula unali wochititsa manyazi. Ndinaganiza za mapazi ong'ambika aja, ndinakana. Ndinagulitsa wailesi n'kulipira galimoto yaing'ono kuti indifikitsire matumbawo kunyumba.

Kukhitchini kwathu kunali panja, kopanda chitseko. Poopa akuba ndinawaika kuchipinda, pakona, pasimenti penipeni, nditawatsamiritsa kukhoma loyang'ana ku Thyolo, mbali imene chiperoni chimawombera. Palibe anandiuza kuti mchere sugonekedwa pansi, umafuna matabwa, ndiponso sufuna khoma. Kwathu mchere tinkaudziwa wa m'kabotolo.

Ndinayamba kusinja ndi kumanga timapepala, n'kumayala pakatebulo pakhonde. Anthu ankagula, koma mchere si shuga. Banja likagula kapepala kamodzi silibweranso mpaka masabata awiri. Amene ankagula kawirikawiri anali mayi wina wokazinga tchipisi kumsewu ndi bambo wina wootcha nyama. Pamwezi ndinkamaliza thumba limodzi movutikira. Lendi ndinkalipira, chifukwa lendi sayembekeza. Zotsalazo zinkagula ufa ndi makala.

Mkaka wanga unauma mu Meyi. Mwana ndinamuika pa phala: ufa woyera, madzi, mchere. Nsinjiro ndinkaziona pamsika, koma kapepala kake kanali kofanana mtengo ndi ufa wa tsiku lonse. Ndinkati mawa. Mwana ankadya m'mawa, masana ndi madzulo, osakana. Ine ndinkadziwa kuti mwana wanjala ndi amene mimba yake ilibe kanthu, ndipo wanga mimba inali yodzaza.

Kenako chiperoni chinafika. Amene anakhalako ku Chigumula akuchidziwa. Nkhungu imatsika n'kukhala pamadenga masiku anayi, asanu, kamvula kosaoneka kamene sikagwa koma kamangoyandama. Chimanga chouma cha m'dimba la alandilodi, pafupi pomwepa, sichinkaoneka. Anthu opita kuntchito unkangowamva kutsokomola munjira.

M'mawa wina ndinaponda madzi kuchipinda. Ndinayang'ana kudenga, malata anali ouma. Ndinayesa mwina mwana wakodza, koma iye anali kumbuyo kwanga. Madziwo ankachokera pansi pa matumba, atayala pasimenti mpaka pafupi ndi matiresi. Ndinaviika chala n'kulawa. Mchere. Ndinagwira thumba lapamwamba, linali lonyowa ngati msana wa munthu amene wasenza katundu.

Ndinakolopa. Mawa lake madzi anabwerera, atapitirira pamene analekezera dzulo. Chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti sankakhala malo amodzi. M'mawa ankafika kumiyendo ya mpando. Masana nkhungu ikapepuka ankabwerera chakukona, n'kusiya kamzere koyera pasimenti. Madzulo ankayambanso kubwera. Ndinakumbukira za nyanja ija imene imachoka n'kubwerera yokha, ndipo sindinasekenso.

M'nyumba monse munayamba kusintha. Machesi ankakana kuyaka. Singano zanga zinachita dzimbiri m'kabotolo motseka. Bulangeti la mwana silinkauma ngakhale ndiliyanike pambaula. Ndikanyambita milomo ndinkamva mchere, ngakhale ndisanadye kanthu. Ndipo masana, pamene aliyense wapita ndipo kunja kuli zii, ndinkamva kuchipinda kuti tswee, tswee, ngati munthu wakhala pamiyala akusuntha matako kuti akhale bwino. Ndikasuzumira, matumba ali pomwepo. Koma anali atayamba kuwerama. Mapewa ake anagwa, pakamwa posokedwa paja panapendekera kutsogolo. Mukuwala kochepa kwa chiperoni ankaoneka ngati anthu akhala pamaliro.

Mwana nayenso anasintha, koma ine ndinaona mochedwa. Anali atayamba kuyenda chogwira khoma. Anasiya. Ndikamukhazika pamphasa ankakhala pomwepo mpaka ndimunyamule. Kulira anasiya, kuseka anasiya. Ndikamusiya pakhomo la kuchipinda ankangoyang'ana kukona kuja, osaphethira kawirikawiri. Masaya ake anadzaza, mapazi anafufuma, ndipo Lamlungu lina ndinauza bambo ake pafoni kuti, "Mwana wanu akunenepa, simudzamuzindikira." Tsitsi lake lokha ndi limene linkandidabwitsa. Linafiira n'kufewa ngati ndevu za chimanga.

Ndi masiku amenewo pamene aneba anandifunsa funso lija. Patapita masiku atatu anabweranso, opanda ndowa. Anakhala pamphasa n'kumunyamula mwana. Anagwira phazi lake, n'kulidina ndi chala chachikulu, n'kuchotsa. Pamene panali chala panatsala dzenje. Tinaliyang'ana tonse awiri. Silinabwerere.

"Mwana wanga," anatero, "ine ndinakwatiwa ndi dalaivala. Ndikuuze zimene amayi ako akanakuuza akanakhala pafupi. Amuna angawa akabwera ku ulendo sankanyamula mwana pofikira. Ndinkamupereka kwa aneba kaye. Mchere wa m'nyumba sankaugwira n'komwe. Mwamuna wa pamsewu sumudziwa kumene wagona. Akatentha kumeneko, n'kugwira mchere, mchere umasunga. Nanga matumba awa anasoka ndani?"

"Iwo omwe."

"Ndi manja awo."

"Ee."

"Ndiye iwe ukumudyetsa mwana katatu pa tsiku."

Sanatchule dzina la matendawo, koma ndinalidziwa. Tsempho. Ine ndimapemphera, ndinkaimba kwaya, koma ndinakula ndikumva kuti bambo kapena mayi akayenda njira ya kumbali, mwana amatupa, amafooka, mpaka kupita. Ndinawauza aneba kuti bambo ake a mwana si otero. Anagwedeza mutu. "Onse si otero," anatero. "Ine sindikuti achita. Ndikuti mchere ukulira m'nyumba mwako, ndipo mwana watupa."

Sindikhulupirira kuti iwo ndi amene anafalitsa. Kumpopi anthu ali ndi maso awo. Koma Lachitatu palibe anagula. Lachinayi mayi wa tchipisi anadutsa njira yakuseri. Lachisanu m'mawa nditatsegula chitseko, nkhungu ili thoo, ndinapeza timapepala ta mchere tisanu ndi tiwiri titandandalikidwa pasitepe. Tinali tanga, ndinadziwa kamangidwe kake. Tina tinali tosatsegula, tina togwiritsidwa theka n'kumangidwanso bwinobwino. Sindinamve munthu akubwera. Palibe anagogoda kuti ndimubwezere ndalama yake. Akanabwera n'kundilalatira, bwenzi ndikuyankha. Koma anangobweza mwaulemu, ngati mmene amabwezera mbale kunyumba ya maliro. Loweruka ndinapeza tina tinayi.

Tsiku lomwelo ndinatenga ndalama ya ufa n'kugula mayunitsi. Sindinadikire Lamlungu. Ndinaima kuseri kwa nyumba, pamene foni imagwira bwino, mwana ali kumbuyo.

"Amake mwana, kwagwanji? Lero si Lamlungu."

"Ndikufunseni kanthu, musakwiye."

"Funsani."

"Kumeneko amakuphikirani ndani?"

Anaseka pang'ono. "Ndimaphika ndekha. Ndikatopa ndimakadya kwa mayi wina amene amagulitsa chakudya pafupi ndi minda. Bwanji, mukufuna mubwere mudzandiphikire?"

"Mwana sakunenepa, watupa. Ukamudina pamatsala dzenje. Anthu abweza mchere. Akuti mwamusempha. Ine sindikudziwa. Ngati chilipo, ndiuzeni, tipeze mankhwala msanga. Sindidzakufunsaninso. Ndikufuna mwana yekha."

Sanayankhe. Ndinati halo. Foni sinaduke, chifukwa ndinkamva chinthu kumbali yawo, chikubwera n'kubwerera, chikubwera n'kubwerera, ngati chinyama chachikulu chikupuma m'tulo. Ndinali ndisanaimvepo nyanja. Masiku onse ankaimbira kuchipinda kwawo, koma tsiku limenelo anali kuntchito. Ndinamvetsera kupuma kumeneko ndikudikira mawu awo, mpaka mayunitsi anatha.

Lamlungu sanaimbe. Lolemba m'mawa maso a mwana anali atatupa mpaka kutsala timing'alu, ndipo khungu la m'miyendo linayamba kusupuka ngati penti yakale. Phala analavula. Aneba anabwera ndi kamtolo ka mizu kamene anakapeza kwa munthu wina ku Bangwe, n'kuyamba kundifotokozera kaviikidwe kake. Tili pakati pokambirana, amuna awo anatuluka. Bambo amenewo chilowereni m'nyumbamo ndinali ndisanawamvepo akunena mawu opitirira moni. Anawerama pafupi kwambiri ndi mwana chifukwa cha maso awo aja, n'kuweramuka.

"Azimayi inu, zotsalazo mukakambire m'minibasi," anatero. Anapisa m'thumba la mkanjo n'kupatsa akazi awo ndalama. "Mizuyo siola. Mwanayu ndiye sadikira."

Akazi awo anang'ung'udza, koma anakulunga mizu ija pansonga ya chitenje n'kukatenga nsapato. Ndinatseka nyumba ndi loko, n'kutuluka ndi thewera limodzi ndi buku la kusikelo. Ndinkayesa tibwera madzulo.

Kumsewu minibasi zinkatulukira m'nkhungu zitayatsa nyali masana. Kondakitala anaona masaya a mwana n'kukuwa, "Mayi, kabwana aka ndiye kakudya bwino! Kalipire mpando wake aka!" Anthu anaseka. Aneba anamuyang'ana mpaka anasiya, n'kuyamba kuwerenga ndalama zake.

Kuchipatala chaching'ono sanatisunge. Atangomuona analemba kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko nesi wina wamfupi, wachikulire, anagwira phazi la mwana n'kulidina ndi chala chachikulu, chimodzimodzi mmene anachitira aneba. Dzenje linatsala.

"Amadya chiyani?"

"Phala."

"La chiyani?"

"La ufa woyera."

"Mumathiramo chiyani?"

"Mchere."

"China?"

"Basi."

"Mayi, uku si kunenepa, awa ndi madzi. Mwanayu ali ndi njala."

"Njala bwanji, anesi? Amadya katatu."

"Mimba ikudzaza, koma thupi silikulandira kanthu. Nsinjiro, dzira, kausipa kosinja, nyemba, analawa liti?"

Ndinayesa kukumbukira. Ndinafika mpaka mu Epulo.

Aneba atatuluka kukagula madzi, ndinafunsa nesi uja monong'ona ngati si tsempho. Sanandiseke. Analoza mabedi onse a mu wodimo, ana otupa ndi ana owonda, amayi awo atakhala pansi m'mbali. "Funsani aliyense muno, akuuzani kuti wake anasemphedwa," anatero. "Ife timawapatsa mkaka. Ambiri amatuluka akuyenda. Za amuna anu mukakambirane kunyumba."

Tinakhala masabata atatu. Mkaka wake unali wa m'kapu, pang'onopang'ono, pa nthawi yake, ngakhale mwana akane. Masiku oyamba madzi aja anayamba kuchoka, ndipo ndinaopa kuposa poyamba, chifukwa mwana wonenepa uja anaphwa, n'kutsala kamunthu kakang'ono, nthiti zonse poyera. Ndiye anali mwana wanga weniweni ameneyo, amene ndinkagona naye miyezi iwiri osamuona. Pabedi loyandikana nafe mwana wina anamwalira Lachinayi masana, amayi ake atapita kukachapa. Ine kuchokera tsiku limenelo sindinkachoka pabedi pokhapokha wina andigwirire.

Sabata yachiwiri anayamba kumupatsa chiponde. Tsiku lina ndikumupukuta kukamwa anakwiya, n'kulira mokweza, kulira kwenikweni kwa mwana wamkani. Amayi a mu wodimo anaombera m'manja. Nesi uja podutsa anati, "Eya, wayamba mwano, achira ameneyu."

Aneba ankabwera Lachiwiri ndi Loweruka ndi kambale ka chakudya changa. Za mizu ija sanatchulenso, inenso sindinafunse. Ankangoti kwathu chiperoni sichinasiye, ndipo pansi pa chitseko changa pakutuluka madzi. Kiyi ndinali nayo ine, koma maganizo anga sanali kumatumba.

Bambo ake a mwana anaimba kamodzi, sabata yachiwiri yomweyo. Ndinatuluka pakhonde la wodi.

"Ali bwanji?"

"Akuchira. Walira dzulo. Akuti si zija, akuti ndi njala."

"Njala."

"Ee. Chakudya chinkachepa mphamvu."

Ulendo uno kunalibe phokoso la nyanja, anali m'nyumba. "Ndiye kuti ndi ine ndithu," anatero. "Kaya uku, kaya uku, ndi ine."

"Sindinatero, bambo."

"Munandifunsa."

"Ndinkaopa. Mukanakhala inu mukanatani?"

Funso lija sanaliyankhenso, kuti inde kapena ayi, ndipo ine ndinasunga lonjezo langa, sindinabwereze. Anati ayesetsa atumize kanthu mwezi ukatha. Anati ndimupsompsone mwana. Kuyambira pamenepo foni yawo ndikaimba imangoti sakupezeka. Dalaivala uja nditakumana naye ku Limbe patapita miyezi anati anamva kuti anasamukira kutauni ina kumtunda kwa gombe, kumene amati moyo ndi wotchipa. Mpaka lero sindidziwa ngati anakhala chete chifukwa chinalipo, kapena chifukwa chinalibe.

Tinatuluka m'chipatala kumapeto kwa Julaye, dzuwa likuwala. Mwana anali kumbuyo akukoka ndolo yanga. Titafika, kiyi inakana kuzungulira. Loko anali atafiira ndi dzimbiri. Amuna a aneba anabwera ndi hamala, akupapasa ndi dzanja kuti apeze pomenya, anamenya katatu. Chitseko chinali chitafufuma, tinachita kukankha awiri.

M'nyumba munali fungo limene sindinalidziwe, lozizira, ngati la nsomba koma si nsomba. Pansi ponse, kuchokera kuchipinda mpaka pabalaza, panali poyera ngati pathiridwa ufa, ndipo tikaponda pankalira. Mizere ija inalipo yambirimbiri, wina kutsogolo kwa unzake, kusonyeza pamene madzi ankafika tsiku ndi tsiku ife kulibe. Womaliza unali pakhomo penipeni. Khoma la kukona linali lonyowa mpaka m'chiuno mwanga, pulasitala atagwa, njerwa zili poyera. Matumba apansi anali atagona, opanda kanthu, mfundo zabuluu zija zili zomanga. M'matumba apamwamba munatsala zibuma zolimba, zakuda ndi nkhungu ya pakhoma. Matiresi nditawanyamula anadontha. Simenti pansi pake inkafumbutuka ndi chala.

Alandilodi anabwera madzulo ake. Anayenda m'nyumbamo manja ali kumbuyo, nsapato zikulira. Sanakalipe. Anati, "Mayi, ndamva za mwana, tithokoze Mulungu. Koma nyumbayi ndiyenera kuikonza, ndipo anthu a makomo enawa akudandaula." Ndinamva. Ndalama ya chikole imene tinapereka polowa anati ipita ku simenti. Anandipatsa masiku khumi.

Zibuma zotsalazo ndinayesa kupatsa bambo wina woweta ng'ombe chakumunsi, kuti zizinyambita. Anafunsa ngati ndi mchere uja. Ndinati ndi womwewo. Anati ng'ombe zake zili ndi bere. Ndinakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi n'kukwirira.

Pano ndimakhala ku Kanjedza, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya banja lina limene ndimalichapira ndi kuliphikira. Mwana ali ndi zaka zinayi, amathamanga, tsitsi linameranso lakuda, ndipo ndi wamkani. Iye ndiye sanatayike. Zimene zinatayika ndi izi: matumba asanu ndi theka a mchere, matiresi amodzi, mabulangeti awiri, mapoto atatu, loko, wailesi, chikole cha nyumba, nyumbayo, ndi bambo ake a mwana.